Kodi makasitomala okhulupirika angapulumutse kampani ya makamera imene ena akufuna kuigula? Mafunso ndi mayankho pa nkhani ya Pentax ndi zinzake

Mphekesera zikangomveka kuti kampani ina ya makamera ikugulitsidwa, ojambula zithunzi amene anathira ndalama zawo m'malenzi a kampaniyo amayamba kufunsana kuti, "Ife amene takhala nayo zaka zonsezi, mawu athu alibe ntchito?" Nkhani imene imayankha bwino funsoli ndi ya Pentax ya ku Japan, imene inagulidwa ndi Hoya mu 2007 kenako nthambi yake ya makamera n'kugulitsidwanso kwa Ricoh mu 2011.

Kodi makasitomala angaletse kampani kugulidwa?

Ayi. Kampani imene masheya ake amagulitsidwa pamsika eni ake ndi amene ali ndi masheyawo, ndipo ndi okhawo amene amavota. Mungakhale ndi makamera asanu ndi malenzi makumi awiri a kampaniyo, koma pamsonkhano wa eni masheya mulibe mpando.

Chimene makasitomala okhulupirika amatha ndi china. Amachititsa kuti dzina la kamerayo likhale ndi mtengo, moti wogulayo amaona kuti kuli bwino kulisunga kapena kuligulitsa kwa wina kusiyana ndi kulikwirira. Motero chimene chimapulumuka ndi dzina ndi mount, polumikizira lenzi ndi kamera paja. Kampani yeniyeniyo, mafakitale ake ndi antchito ake ambiri, nthawi zambiri sizipulumuka.

Chinachitika n'chiyani pakati pa Pentax ndi Hoya?

Pentax inayamba mu 1919, ndipo kwa zaka zambiri inkadziwika ndi dzina la Asahi Optical. Mu 1952 inatulutsa Asahiflex, kamera yoyamba ya SLR (ya kalilole, imene wojambula amaonera kudzera m'lenzi yeniyeniyo) ya filimu ya 35 mm yopangidwa ku Japan. Spotmatic inabwera mu 1964, mount ya K mu 1975, ndipo K1000, imene ana asukulu ambirimbiri anaphunzirira kujambula, inapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1997. Sinali kampani yosowa oikonda.

Mu Disembala 2006, Pentax ndi Hoya analengeza kuti aphatikizana posinthana masheya: sheya imodzi ya Pentax isinthidwe ndi 0.158 ya sheya ya Hoya. Eni masheya ena ndi ena a m'bodi ya Pentax anaona kuti mtengowo wachepa. Mu Epulo 2007 bodi inakana mgwirizanowo, mkulu wa kampani Fumio Urano anachoka paudindo, ndipo Takashi Watanuki analowa m'malo mwake ndi cholinga choti Pentax ipitirire kuima payokha.

Hoya sinabwerere. Inangosintha njira: m'malo mosinthana masheya, inati igula sheya iliyonse ndi ndalama, pa mtengo wa 770 yen, zonse pamodzi pafupifupi 105 biliyoni yen. Kampani yoyendetsa ndalama za anthu yotchedwa Sparx, imene inali ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a masheya a Pentax, inafuna kuti mtengowo ulandiridwe. Bodi yatsopano ija inabweretsa ndondomeko yake yoyendetsera kampani, koma sinakhutiritse eni masheya kuti idzawapatsa zoposa 770 yen, ndipo patangopita milungu ingapo inagonja. Pofika Ogasiti 2007 Hoya inali ndi masheya opitirira 90 pa 100 aliwonse, ndipo kumapeto kwa Marichi 2008 Pentax inatha kukhala kampani payokha, n'kusanduka nthambi ya Hoya.

Chopweteka n'chakuti zonsezi zinachitika pamene Pentax inali ndi kamera yabwino m'manja. K10D, imene inatuluka kumapeto kwa 2006, inali yotetezedwa ku fumbi ndi madontho a mvula, inali ndi sensa (kachipangizo kolandira kuwala m'malo mwa filimu) yoyenda yochepetsa kugwedera kwa chithunzi, ndipo inapambana mphoto ya Camera Grand Prix ya 2007 ku Japan. Ojambula ankaitama, koma pazokambirana za masheya zimenezo sizinasinthe kanthu.

Hoya inkafuna makamera?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ojambula ambiri amasochera. Hoya imapanga magalasi a maso, magalasi a zipangizo zosiyanasiyana ndi zinthu za m'chipatala. Ku Pentax inkafunako makamaka nthambi ya ma endoscope, timapaipi tokhala ndi kamera kunsonga timene madokotala amalowetsa m'mimba kapena m'matumbo. Bizinesi imeneyo phindu lake ndi lalikulu ndipo zipatala sizisinthasintha ogulako. Makamera anangobwera nawo m'mtolo womwewo. Mpaka lero Hoya ikadali ndi Pentax Medical, pamene makamera inawagulitsa patangotha zaka zinayi.

Olympus, kampani ina yopanga makamera ya ku Japan, nayonso chimodzimodzi: ndalama zake zenizeni zinali m'ma endoscope. Ngati kamera ili kagawo kakang'ono ka kampani yaikulu, tsogolo lake limagamulidwa ndi anthu amene akuyang'ana mabuku a nthambi zina.

Bodi ya kampani ilibe mphamvu yokana?

Ili nayo pang'ono, ndipo zimadalira njira imene wogula wasankha. Kuphatikiza makampani awiri ku Japan kumafuna kuti bodi ivomere, kenako eni masheya avomereze ndi mavoti okwana magawo awiri mwa atatu. Pamenepo bodi ikhoza kutseka chitseko, monga inachitira ya Pentax mu Epulo muja. Koma wogula akalengeza poyera kuti aliyense amene ali ndi sheya amugulitse pa mtengo wakuti, ndiye kuti wailambalala bodi. Mwini sheya aliyense amadzisankhira yekha, ndipo makampani oyendetsa ndalama za anthu ndi za penshoni ntchito yawo ndi kupezera eni ndalamazo phindu. Bodi imatsala ndi njira zochepa: kupeza wogula wina wopereka zambiri, kapena kuonetsa ndi manambala kuti kuima paokha kudzapindulitsa kwambiri. Pentax inalephera zonse ziwiri.

Nanga okonda Pentax akanasonkherana n'kugula masheya?

Tiwerengere. Kuti gulu lithe kutsekereza zigamulo zazikulu, limafunika masheya opitirira gawo limodzi mwa magawo atatu. Pa mtengo wa 105 biliyoni yen, zimenezo ndi 35 biliyoni yen. Tingoyerekeza kuti papezeka anthu 100,000 odzipereka: aliyense akanayenera kupereka 350,000 yen, ndalama yoposa mtengo wa K10D ndi lenzi yake kuwirikiza kawiri. Ndipo akanayenera kugwirizana kuti pasapezeke wogulitsa mtengo ukakwera.

Makalata osainidwa ndi anthu ambiri pa intaneti amathandiza pa zinthu zazing'ono, monga kupempha firmware (pulogalamu ya mkati mwa kamera) yatsopano kapena lenzi inayake. Kunyanyala kugula ndiye koipiratu, chifukwa kumangotsitsa malonda a nthambi ya makamera n'kupatsa mwini watsopano chifukwa choitsekera.

Bwanji kukhulupirikaku sikuoneka m'mabuku a kampani?

Chifukwa si kukhulupirika konse kumene kumabweretsa ndalama, ndipo Pentax ndi chitsanzo chowawa. Chimene anthu amaikondera kwambiri n'chakuti lenzi ya mount ya K ya m'ma 1970 imalowa pa kamera ya digito ya lero, ndipo ya mount ya M42 yakale kuposa apo imangofuna kamphete kotchipa. Popeza chochepetsa kugwedera chili m'kamera momwemo, lenzi yakaleyo nayo imapindula. Kwa wojambula ndi mwayi waukulu. Kwa kampani ndi vuto, chifukwa munthu wogula lenzi ya 50 mm yogwiritsidwapo kale ntchito amalipira mwini wake wakale, kampani siionapo ngakhale yen imodzi. Kamera ikakhalanso yolimba, mwini wake amakhala nayo zaka zisanu ndi zitatu akuitamanda kwa aliyense, osagula ina.

Kampani imawerenga zina: makamera atsopano ogulidwa pachaka, malenzi atsopano angati pa kamera iliyonse, ndi makasitomala atsopano angati. Phindu lalikulu limakhala pa malenzi, koma kupanga lenzi yatsopano, sensa ndi pulogalamu ya autofocus (yolunjikitsa lenzi yokha kuti chithunzi chithwe) kumadya ndalama zofanana kaya mugulitsa zikwi khumi kapena miliyoni. Kampani yaing'ono imagawa ndalama zimenezo pa makamera ochepa, choncho imayenera kukweza mtengo kapena kuchedwa kutulutsa zatsopano. Kukachedwa, masitolo amachepetsa malo ake pashelefu, ndipo opanga malenzi odziimira paokha monga Sigma ndi Tamron amasiya kupangira mount imeneyo, monga anachitira ndi K.

Pamwamba pa izi msika wonse unagwa chifukwa cha mafoni. Malinga ndi bungwe la opanga makamera ku Japan la CIPA, mu 2010 anatumiza kumisika makamera a digito pafupifupi 121 miliyoni. Mu 2020 sanafike 9 miliyoni. Makamera ang'onoang'ono a m'thumba, amene ankabweretsa ndalama zothandizira kupanga akuluakulu, ndi amene anafa kwambiri.

Ndiye okonda Pentax sanapindule kanthu?

Anapindula, ndipo tisawachepetse. Pansi pa Hoya antchito anachepetsedwa ndipo ntchito yopanga inasamutsidwira kwambiri ku mafakitale a ku Philippines ndi Vietnam, komabe kunatuluka K-7 mu 2009, K-5 ndi 645D mu 2010. Hoya inkafuna nthambiyo isataye ndalama. Ricoh itaigula pa 1 Okutobala 2011, pa mtengo umene nyuzipepala zinati ndi pafupifupi 10 biliyoni yen, inagula akatswiri, mount ya K ndi khamu la anthu amene anali kale ndi malenzi ake. Popanda khamu limenelo panalibe chogula.

Ricoh inatulutsa K-1 mu 2016, kamera ya sensa yaikulu ngati filimu ya 35 mm imene okonda Pentax anailira zaka zambiri. Pamene Canon ndi Nikon ankasamukira ku makamera opanda kalilole, Pentax inakakamira pa SLR, n'kutulutsa K-3 Mark III mu 2021, ina yojambula zakuda ndi zoyera zokha mu 2023, ndi Pentax 17 ya filimu mu 2024. Izi ndi zinthu zopangira gulu laling'ono lokhulupirika. Koma onaninso mtengo wake: mu 2013 dzina la kampani linasintha kukhala Ricoh Imaging, malenzi atsopano amatuluka mwa apo ndi apo, ndipo m'masitolo ambiri padziko Pentax simungaipeze.

Zinatha bwanji kwa makampani ena?

Minolta inaphatikizana ndi Konica mu 2003, ndipo mu Januwale 2006 Konica Minolta inalengeza kuti yasiya makamera. Sony inatenga mount ya A ndi akatswiri ake n'kutulutsa Alpha A100 chaka chomwecho. Dzina la Minolta linachoka pa makamerawo, koma malenzi a eni ake anapitiriza kugwira ntchito. Sony itayambitsa mount ya E mu 2010 mphamvu zinapita kumeneko, ndipo kamera yomaliza ya mount ya A, a99 II, inatuluka mu 2016. Tinganene kuti eni malenzi a Minolta anapeza zaka khumi zoonjezera, kenako anafunika kugwiritsa ntchito adapita, mphete yolumikizira lenzi ku mount ina.

Olympus, itataya ndalama pa makamera zaka zitatu zotsatizana, inalengeza mu Juni 2020 kuti ikugulitsa nthambiyo kwa Japan Industrial Partners, amene anagulanso bizinesi ya makompyuta ya VAIO kwa Sony mu 2014. Kuyambira Januwale 2021 makamerawo amapangidwa ndi OM Digital Solutions ndipo tsopano amatchedwa OM System. Chinathandiza eni malenzi n'chakuti mount ya Micro Four Thirds imagwiritsidwanso ntchito ndi Panasonic.

Choopsa kwambiri si kugulidwa, koma kusowa wogula. Kyocera inasiya kupanga makamera a Contax mu 2005. Samsung, itatulutsa NX1 yotamandidwa mu 2014, inayamba kuchoka m'misika ya ku Ulaya kumapeto kwa 2015, ndipo mount ya NX inafera pomwepo.

Palibe kampani imene inapulumutsidwadi ndi oikonda?

Zilipo ziwiri zimene zimatchulidwa kawirikawiri, ndipo zonse zili ndi "koma" wake.

Polaroid italengeza mu 2008 kuti ikusiya kupanga filimu yotulutsa chithunzi pompopompo, Florian Kaps ndi André Bosman ndi anzawo anagula makina a fakitale ya ku Enschede ku Netherlands n'kuyambitsa Impossible Project. Mankhwala ena opangira filimuyo anali atasiya kupangidwa, choncho anayambiranso pachiyambi, ndipo filimu yawo yoyamba ya mu 2010 inali yovuta: inkafuna kuphimbidwa ikangotuluka m'kamera ndipo mitundu inkasintha. Anthu anagulabe, ndipo ndalama zimenezo ndi zimene zinaikonza. Mu 2017 mwini masheya wamkulu wa Impossible anagula dzina la Polaroid. Kusiyana kwake ndi Pentax kuli poyera: filimu imatha. Paketi imodzi ili ndi zithunzi zisanu ndi zitatu, ikatha mumakagula ina, motero wokhulupirika aliyense amalipira mwezi ndi mwezi.

Leica inatsala pang'ono kugwa cha m'ma 2005. Amene anaipulumutsa ndi Andreas Kaufmann, munthu wachuma wokhala ku Austria amene anagula masheya ambiri kudzera m'kampani ya banja lake ya ACM, ndipo mu 2011 kampani yoyendetsa ndalama za anthu ya Blackstone inagula masheya 44 pa 100. Kumeneko ndi kugulidwanso, kungoti wogulayo ankafuna makamera enieniwo. Makasitomala anachita mbali yawo povomera kulipira madola zikwi zingapo pa M8 ya 2006 ndi M9 ya 2009. Ndi makampani ochepa kwambiri amene anthu awo angalipire chotero.

Ndingadziwe bwanji kuti kampani ya kamera yanga ili pangozi?

Musadalire mawu a akuluakulu akuti "sitikugulitsa", chifukwa amanenedwa mpaka tsiku lolengeza. Yang'anani izi: lipoti la pachaka, makamaka ngati nthambi ya makamera yataya ndalama zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana pamene nthambi zina zikupindula, ngati mwini masheya wamkulu watsopano wayamba kufuna mpando m'bodi, monga kampani yoyendetsa ndalama za anthu ya ValueAct inachitira ku Olympus mu 2019, ngati malenzi olonjezedwa akungosunthidwa chaka ndi chaka, ngati opanga malenzi odziimira paokha asiya mount yanu, ndiponso ngati kampani yayamba kutseka maofesi ndi malo okonzera m'mayiko ena. Chizindikiro chimodzi chokha sichikwana. Zikakumana zitatu, yambani kukonzeka.

Kamera ndili nayo kale. Nditani nkhani ya kugulidwa ikamveka?

Musathamangire kugulitsa sabata yomweyo, pamene aliyense akugulitsa ndipo mitengo yagwa. Kamera siimva kuti eni kampani asintha. Mawa idzajambula monga dzulo. Waranti nayo kawirikawiri imapita kwa wogula nthambiyo, koma sungani lisiti ndi khadi lake. Kumbukirani kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno: konzekerani ndi zimene zilipo lero, osati zimene mwini watsopano walonjeza.

Choyamba, mabatire. Gulani awiri kapena atatu enieni a kampaniyo ndi tchaja yachiwiri. Eni Pentax ali ndi mwayi chifukwa D-LI90 imalowa mu K-7, K-5, K-3, K-1 ndi 645Z. Batire yosungidwa ikhale ndi moto wa theka, pamalo ozizira, ndipo muziitchaja pang'ono miyezi itatu kapena inayi iliyonse, chifukwa ikatheratu n'kukhalitsa imafa.

Chachiwiri, koperani firmware yomaliza ya kamera ndi malenzi, buku la malangizo ndi pulogalamu ya pa kompyuta, muzisunge pawiri. Masamba a intaneti a zinthu zakale ndi amene amayamba kusowa eni akasintha.

Chachitatu, mafayilo a RAW, zithunzi zosakonzedwa monga zachokera pa sensa. Ngati kamera imalola mtundu wa RAW wotchedwa DNG, monga Pentax imachitira kuyambira pa K10D, sankhani imeneyo, chifukwa mapulogalamu ambiri amaitsegula. Ngati siilola, Adobe DNG Converter ndi yaulere.

Chachinayi, chilichonse chimene chayamba kuvuta chikonzetseni tsopano. Makampani amasunga masipeya kwa zaka zowerengeka chabe chinthu chikasiya kupangidwa, kawirikawiri zosafika khumi. Ngati kamera ndi imene imakudyetsani, kugula ina yofanana nayo yogwiritsidwapo kale ntchito n'kotchipa kuposa kusowa chojambulira pa ukwati wa Loweruka.

N'chiyani chimayamba kuwonongeka, ndipo chimakonzeka popanda kampani?

Malenzi akale opanda mota amakhala zaka makumi ambiri. Mdani wawo ndi chuku, chimene chimamera mkati mwa magalasi ngati lenzi yasungidwa m'chikwama chotseka nyengo ya dzinja. Asungeni m'bokosi lotseka bwino lokhala ndi silica gel, chinyezi chikhale cha pakati pa 40 ndi 50 pa 100, ndipo muziumitsa silica gel ija ikasintha mtundu.

Zamagetsi ndi zimene zimafuna masipeya. Pa K-30, K-50 ndi ena a m'gulu lomwelo, vuto lodziwika ndi ka solenoid, kachipangizo kamagetsi koyendetsa aperture, kabowo kolowetsa kuwala m'lenzi. Kakayamba kukakamira, aperture imatsekeka mpaka kumapeto ndipo chithunzi chimatuluka chakuda bii. Poyamba zimachitika pa zithunzi zoyambirira kamera ikakhalitsa osagwira ntchito, kenako nthawi zonse. Pongoyembekezera, ikani lenzi yokhala ndi mphete ya aperture, chotsani mpheteyo pa A (pamene kamera imayendetsa aperture yokha), iloleni mu menyu, jambulani pa M (pamene mumadzisankhira nokha) ndi kuyeza kuwala ndi batani lobiriwira. Kukonza kwenikweni ndi kusintha solenoid, ntchito yofuna wodziwa kuwotcherera timawaya ting'onoting'ono, ndiponso wosamala ndi capacitor ya flash imene imasunga magetsi oopsa ngakhale batire itachotsedwa.

Malenzi a Pentax a DA* 16-50 mm ndi 50-135 mm a mu 2007 amadziwika ndi kufa kwa mota ya m'lenzimo yotchedwa SDM: autofocus imayamba kuchedwa kudzuka, kenako imaleka. Mwamwayi ali ndi njira yachiwiri yoyendetsedwa ndi mota ya m'kamera, ndipo eni malenziwa ndi amene anapeza njira yosinthira pulogalamu ya m'lenzimo kuti igwiritse ntchito imeneyo. Apa ndi pamene gulu la okhulupirika limaonetsa mphamvu yake yeniyeni.

Malenzi anga angalowe pa kamera ya kampani ina?

Zimadalira mtunda wa pakati pa mount ndi sensa. Pa K ndi 45.46 mm. Pa Sony E ndi 18 mm, Nikon Z 16 mm, Canon RF 20 mm, Fujifilm X 17.7 mm, Micro Four Thirds 19.25 mm. Popeza makamera opanda kalilolewa mtunda wawo ndi waufupi, adapita imangodzaza mpatawo, mwachitsanzo 27.46 mm pa Sony, popanda galasi loonjezera. Pa adapita wamba mumataya autofocus, ndipo malenzi a DA opanda mphete ya aperture amafuna adapita yokhala ndi kachogwirira kotsekera. Pa Micro Four Thirds lenzi ya 50 mm imaona ngati ya 100 mm. Kuika lenzi ya K pa SLR ya Nikon, imene mtunda wake ndi 46.5 mm, sikuyenda bwino: siifika pa zinthu zakutali popanda galasi lina limene limachepetsa kuthwa kwa chithunzi.

Kwa wojambula wa ku Malawi kapena Zambia, kugula kamera ya kampani yogulidwagulidwa n'kwanzeru?

Kuno funso lalikulu si la eni kampani, koma la kumene mungapeze batire, tchaja ndi wokonza. Ngakhale pa Canon ndi Nikon, masipeya ambiri amachita kuitanitsidwa kunja, kawirikawiri ku South Africa, koma mwina mnzanu wojambula naye maukwati angakubwerekeni batire kapena lenzi tsiku lavuto. Ndi Pentax kapena Olympus mwayi umenewo ndi wochepa, ndipo podzagulitsa ogula adzakhala ochepa.

Mbali inayo, makamera amenewa ogwiritsidwapo kale ntchito amakhala otchipa poyerekeza ndi zimene amachita, ndipo ambiri ndi otetezedwa ku fumbi ndi mvula. Ngati mukujambula mongosangalala kapena muli kale ndi malenzi a K, ndi malonda abwino. Ngati ndi bizinesi, gulani makamera awiri ogwiritsa batire imodzimodzi, funsani chiwerengero cha shutter (zithunzi zimene kamerayo yajambula kale) musanalipire, ndipo pa K-30 kapena K-50 pemphani wogulitsa aisiye usiku wonse kuti muone zithunzi zisanu zoyambirira za m'mawa, lenzi ili pa A.